Momwe mungakonzekerere mlandu ngati munanamizidwa poika ndalama mu kampani

Musanapite kwa loya, sonkhanitsani zonse zimene munapatsidwa musanapereke ndalama, monga chikalata chofotokoza za kampaniyo, malipoti a zachuma, maimelo ndi mauthenga a pafoni. Kenako siyanitsani chiyembekezo ndi bodza, chifukwa kampani imene yangolephera kupeza phindu limene inkayembekezera sinachite chinyengo, pomwe imene inabisa ngongole zake mwadala ili ndi mlandu woti iyankhe.

Chovuta kwambiri ndi kutsimikizira zimene munthu amene anakunamizaniyo ankadziwa. Pa mlandu wa Derry v Peek mu 1889, House of Lords, yomwe inali khoti lalikulu kwambiri ku Britain panthawiyo, inagamula kuti chinyengo chimakhalapo ngati munthu wanena zabodza akudziwa, asakuzikhulupirira, kapena mosalabadira ngati ndi zoona. Kulakwitsa mosadziwa sikokwanira. Muyeneranso kusonyeza kuti munadalira mawuwo ndipo munataya ndalama chifukwa cha iwo.

Musachedwe, pakuti malamulo amaika malire a nthawi yosumira, ndipo munthu amene wapitiriza kulandira phindu la masheya atadziwa kale zoona angataye mwayi wothetsa mgwirizano. Werenganinso mgwirizanowo mosamala, popeza migwirizano ina imalamula kuti mkangano upite kwa mkhalapakati osati kukhoti.