Mwana wotakataka akamakana kugona usiku

Ku sikelo amayi amakonda kufunsa kuti, "Alangizi, wangayu ikamakwana 9 koloko m'pamene amayamba kudumpha pabedi, ndimumwetse chiyani?" Musamumwetse kanthu. Ena amagula Piriton pagolosale kuti mwana agwe tulo msanga. Mankhwalawa ndi a ziwengo, ndipo ana ena akamwa amachita kulusa kuposa poyamba.

Tulo ta mwana timakonzedwa dzuwa likadalipo. Malangizo a mu 2019 a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati mwana wa zaka 3 kapena 4 azigona maola 10 mpaka 13 pa tsiku, kuwerengera ndi tulo ta masana, komanso azisewera maola osachepera 3. Musiyeni athamange ndi anzake, amenye mpira wachikulunga, abwere ali mbuu ndi fumbi. Akagona masana, mudzutseni cha m'ma 3 koloko. Wogona pamkeka mpaka 5 koloko simungamugoneke 8 koloko, mungolimbana naye chabe. Tiyi wa madzulo ndi Coca-Cola muzileke, muli caffeine wothamangitsa tulo. Madzi kapena mkaka n'zokwanira.

Chachikulu ndi ndondomeko yosasinthasintha. Akadya nsima, mumusambitse ndi madzi ofunda, akakodze, alowe mu neti, kenako nthano imodzi. Mawa chimodzimodzi, nthawi yomweyo, ngakhale Loweruka. Pakapita masiku thupi lake limazolowera, akangomva madzi aja maso amayamba kulemera okha. Nthanoyo inenedwe motsitsa mawu. Mukati "Padangokhala" iye n'kuyankha "Tilitonse", mudzamva kuyankhako kukunka kuchepa mpaka zii. Ikhale ya kalulu, osati ya afiti.

Apa abambo mundimve. Mumafika 8 koloko, mwana ali kale mu neti, inu n'kumutulutsa, kumuponya m'mwamba, kumugirigisha, pomaliza kumupatsa foni aonere makatuni. Mwagwetsa zonse zimene mayi ake amanga, ndipo mawa mudzati mwanayu n'ngovuta. Masewera amenewo asungireni m'mawa. Mukafika mochedwa, nthano ija inenani ndinu. Foni ndi TV zizime kukatsala ola kuti agone. M'nyumba ya chipinda chimodzi, tsitsani wailesi ndipo nyale muyiike kuseri kwa katani.

Adzatuluka ndithu. Adzati akufuna madzi, kenako kukodza, kenako madzi ena. Mugwireni dzanja, mubwezereni pogona, muziti, "Ndi nthawi yogona, mwanawe," basi. Kukalipa ndi kukambirana naye kwa iye ndi masewera ena. Masiku oyamba mukhoza kumubweza kakhumi, musafooke. Zomuopseza kuti kunja kuli fisi zimamukhalitsa chete lero lokha. Mwana wamantha amagona mtima uli m'mwamba, pakati pa usiku n'kudzidzimuka akulira.

Nthawi zina vuto si khalidwe. Mwana wokanda kumatako usiku akhoza kukhala ndi njoka zam'mimba zing'onozing'ono zimene zimatuluka kukaikira mazira nthawi imeneyo, ndipo mankhwala ake alipo kuchipatala. Wotentha thupi akayezedwe malungo tsiku lomwelo. Woliza mkonono usiku uliwonse, wopuma modukizadukiza ali m'tulo, mupite naye akamuone a dokotala.