Momwe mungayambire kulemba za moyo wanu wa tsiku ndi tsiku

Tsiku lina mwana wanga anandifunsa kuti amayi, nthawi ya Freddy ija tinagona masiku angati kwa azakhali, ndiye ine ndinangoti kakasi, ndikusokoneza masiku, chonsecho ndi March 2023 pomwepa ndipo tinali mu Blantyre momuno mvula ikugwa osakata, matope akutsika ku Soche kukwirira nyumba za anthu ku Chilobwe. Zinandipweteka kwambiri. Ngati za dzana lomweli zikufufutika m'mutu, nanga zomwe agogo ankatiuza za njala ya 1949 zija anazisunga ndani? Kuyambira pamenepo ndimalemba pafupifupi tsiku lililonse, ndipo nayi njira yomwe yandithandiza.

1. Sankhani polembera pamodzi basi

Kope la hadikava ndi bolopeni zikukwana. Ine ndimakonda kope chifukwa magetsi akazima silidandaula, silifuna bandulo. Koma ngati dzanja lanu linazolowera foni, ikani Google Keep, imalola kulemba ngakhale mulibe data ndipo mukalowa pa intaneti imasunga zonse ku akaunti yanu ya Gmail. Ena amangodzitumizira mauthenga okha pa WhatsApp, nazonso zimatheka. Chachikulu musamalembe uku ndi uku, mawa pa kapepala, mkuja pa foni, mudzazisowa.

Pa foni zimitsani autocorrect mu settings za keyboard, apo ayi mawu a Chichewa izingowasandutsa Chingerezi mpaka mutopa nazo.

2. Yambani ndi deti komanso malo

Pamwamba lembani tsiku, mwezi, chaka ndi komwe muli. Zikuoneka zazing'ono koma pakatha zaka zitatu mzere umenewu ndi umene umapatsa zonse tanthauzo.

3. Lembani tizinthu ting'onoting'ono

Apa ndi pomwe ambiri amagwa ulesi, amati moyo wanga mulibemo nkhani, ndimangodzuka, kupita kuntchito, kubwera, kugona. Ayi ndithu, nkhani ndi yomweyo. Ndiwo zomwe mwadya, ndalama zomwe kondakitala wakulipiritsani kuchoka ku Limbe kufika mtauni, mzere wa pachigayo, wakabaza yemwe anakudikirani mvula ikuvumba, zomwe azimayi amakamba pamjigo, mawu oyamba a mwana. Ndipo mawu a anthu muziwalemba momwe anayankhulira, ngati agogo anena mu Chiyao kapena Chilomwe siyani momwemo, musawakonze, kukoma kwake kuli pomwepo.

Mitengo ya zinthu musaiwale, chonde. Ndowa ya chimanga, paketi ya shuga, thumba la feteleza, makala, lendi, fizi. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023 tonse tinkadandaula kuti zinthu zakwera, koma funsani munthu lero kuti shuga ankagula bwanji mwezi wa October chaka chimenecho, ambiri angoyerekeza. Wolemba amangotsegula kope n'kuona. Ngakhale tsiku lomwe munagwira koyamba K5,000 ya pepala limodzi itatuluka mu 2022, imeneyo ndi nkhani yoti zidzukulu zidzaikonda.

Mwachitsanzo tsiku lina ndinangolemba kuti: "Madzi sanatuluke kuyambira m'mawa, takatunga kwa aneba. Ndiwo bonya ndi chisoso. Bambo ake abwera mochedwa, akuti mzere wa mafuta unafika kumsika." Basi, mizere itatu, koma ndikawerenga tsiku lonse lija limabwerera mpaka fungo la bonya.

4. Pezani nthawi yake, ndipo musadzipanikize

Ine ndimalemba ndikatsuka mbale za madzulo, mphindi khumi. Wina zimamuyendera m'minibasi, wina pa buleki kuntchito. Mizere isanu yakwana. Mukadumpha sabata osalemba musayambe kubweza masiku onse, mungolemba za lero n'kupitiriza. Za sipelo musade nazo nkhawa, si mayeso a MSCE awa.

5. Ganizirani bwino musanaonetse anthu

Pakapita nthawi mudzafuna kuti ena awerengeko, makamaka abale omwe ali ku Joni kapena ku UK amene amasowa kumudzi, ndipo ndi zabwino, nkhani ya mvula yoyamba ndi fungo la dothi imawafika pamtima. Koma zomwe zili mu kope si zonse zopita pa Facebook kapena pa gulu la banja. Ine ndimatsata izi: dzina la munthu sindiika asanandilole, matenda a wina ndi mavuto a banja la eni ndimasiya mu kope, zithunzi za ana atavala yunifolomu yoonetsa sukulu yawo ayi, ndipo za ulendo ndimaika nditabwerako, osati kulengeza kuti panyumba palibe munthu. Zolemba mutakwiya zigone kaye usiku umodzi. Kumbukiraninso kuti kuno kuli lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo anthu amangidwapo chifukwa cha zomwe analemba pa intaneti zokhudza anzawo.

6. Sungani bwino

Kope limaopa madzi ndi chiswe, ndiye likadzadza lembani pachikuto miyezi yake, likulungeni mu jumbo n'kuika pamwamba, osati pansi pa bedi. Kamodzi pamwezi jambulani masamba ndi foni n'kuzitumiza ku imelo yanu. A pa foni onetsetsani kuti pasiwedi ya Gmail mukuidziwa pamtima, poti foni imabedwa, imagwera m'madzi, ndipo ambiri akaunti anawatsegulira ndi wina pa shopu, pasiwedi sanaifunse n'komwe.

Chinanso chomwe ndayamba chaka chino, ndikapita kumudzi ndimakhala ndi amayi pakhonde, ndimawapempha kaye kenako ndimatsegula rekoda ya pa foni iwo akusenda nandolo, n'kuwafunsa za ukwati wawo, za sukulu ya nthawi ya Kamuzu, mayina a minda ndi a anthu omwe anagona kumanda a kwathu. Ndikabwerera ndimamvetsera pang'onopang'ono n'kumakopera kumapeto kwa kope, tsamba limodzi pa Sabata masana tikachoka kutchalitchi.