Masitazi ya communication ku Joni: mverani ine amene ndinapondedwa kale

Abale anga a kuno ku Joni amene muli ndi digiri ya utolankhani kapena communication koma mukusesa m'magadeni ndi kutsuka mbale m'malesitilanti, ndikudziwa zimakuwawani mukaona pepala lanu likungogona mu sutikesi. Ine ndinali chimodzimodzi, ndiye ndinati bola ndipange masitazi mwina zinthu n'kusintha. Maganizowo sanali olakwika ayi, cholakwika chinali munthu amene ndinamukhulupirira.

Anandilumikizitsa ndi mnzanga wa kutchalitchi. Munthu wake wa kwathu komwe, Chichewa chothyakuka bwino, suti yosita, kaofesi kakang'ono m'tauni pamwamba pa shopu ya mafoni, pakhoma atapachika ma satifiketi mu fulemu. Anandilandira ngati m'bale, "achimwene khalani pansi, nkhani yanuyi ndi yaying'ono, tathandiza ambiri." Anati malo a sukulu andipezera pa koleji ina yapulayiveti, za SAQA, bungwe limene limayeza mapepala a sukulu akunja kuti akufanana ndi ati a kuno, asamala yekha, ndipo chidindo changa cha mlendo achisandutsa viza ya sukulu konkuno osabwerera kumudzi. Mtengo R9,000, theka lero theka mapepala akatuluka. Ndalama imeneyo ndinaisonkha miyezi yambiri ndikudya buledi ndi tiyi wopanda mkaka, ina ndinakongola kwa mlamu wanga amene mpaka pano akandiona amangoti "bwana masitazi, muli bwanji?"

Kalata ya malo inabweradi, yokongola, chidindo chofiira pansi. Ine osangalala mpaka kuijambula kutumizira mayi kumudzi. Amene ananditsegula maso ndi mayi wina amene ndinkamugwirira ganyu, anangofunsa kuti kolejiyo ili m'kaundula wa boma? Tinatsegula limodzi mndandanda wa makoleji apulayiveti olembetsedwa ku Department of Higher Education and Training, uli pa intaneti waulere aliyense atha kuuona, tinasakasaka dzina lija kulibe. Nditamuimbira mkulu uja anayamba "mukundikayikira achimwene?" kenako mawa, kenako sabata ya mawa, kenako foni osayankhanso. Ofesi ija nditapitako ndinapeza munthu wina akugulitsa mawigi. Ndipo kupolisi ndikanapita bwanji masiku anga atatha kale chifukwa cha iye yemweyo amene ankati musadandaule zonse zili m'manja mwanga?

Apa ndiye mvetsetsani, chifukwa bodza limeneli likudya anthu ambiri. Ife a pasipoti ya Malawi timalowa kuno opanda viza masiku 30 basi, ndipo chiyambire malamulo a 2014 mlendo wamba sasintha chidindo chake kukhala viza ya sukulu ali m'dziko muno. Umabwerera kwanu n'kukapempha kumeneko, ife ndi ku Lilongwe. Ukapitirira masiku, potuluka amakudinda kuti ndiwe wosafunika, chaka chimodzi ngati sunapyole masiku 30, zaka zisanu ngati wapyola. Ndiye munthu akakuuzani kuti ali ndi wake m'kati amene amakonza zimenezi, tengani chikwama chanu muzipita, musamalize n'komwe fanta amene wakugulirani.

Njira yeniyeni ilibe matsenga. Itanitsani transcript ku yunivesite yanu msanga chifukwa imatenga nthawi, tumizani mapepala ku SAQA nokha pa intaneti, lembani fomu ya yunivesite pa webusayiti yawo. Chaka cha sukulu chimayamba mu Febuluwale koma mafomu amatseka miyezi ingapo chaka cham'mbuyo chisanathe. Pa viza adzafuna kalata ya sukulu, police clearance, umboni wa ndalama ndi medical aid yolembetsedwa ku South Africa konkuno. Palibe pamenepa pofunika dobadoba.

Za SAQA ndiwonjezepo pang'ono chifukwa anthu amakhumudwa nazo. Kuno mapepala a sukulu amawaika pa makwerero otchedwa NQF, digiri ya zaka zitatu ili pa NQF 7, Honours pa 8, masitazi pa 9. Inu mumati ndinakhala zaka zinayi ku Poly kapena ku Chanco ndiye ndilowa masitazi mwachindunji, koma amene amanena kuti pepala lanu lili pati ndi SAQA osati inu, ndipo dipatimenti ikhoza kukuuzani kuti muyambe mwadzera ku Honours. Musakwiye, chaka chimenecho chimaphunzitsa kulemba kafukufuku, chimene ambiri ife tinangochinunkhiza chabe. Madipatimenti ambiri amayang'ananso ngati munafika 65%. Amene muli ndi dipuloma ya ku MIJ (Malawi Institute of Journalism), pepani, musadzinamize, digiri kaye. Ndipo ngati pepala lanu linatuluka isanafike 2021 pamene UNIMA inagawanika, Poly n'kukhala MUBAS, lembani dzina lomwe lili pa satifiketi yanuyo, musamasinthe mayina nokha mudzangodzisokonezera.

Sukulu zenizeni zilipo ndipo sizibisala pamwamba pa mashopu. Rhodes ku Makhanda, kumene akuluakulu amakutchabe Grahamstown, ndi yotchuka kwambiri pa za utolankhani. Wits ili pompano pa Braamfontein, yunivesite ya KwaZulu-Natal (UKZN) ku Durban ili ndi gawo lolimba pa communication ya chitukuko ndi zaumoyo, kulinso UCT ya ku Cape Town ndi Stellenbosch. Amene simungasiye ntchito yang'anani Unisa yophunzira uli kunyumba. Chinanso chimene ejenti uja sanandiuze, m'mayunivesite aboma ife a SADC timalipira fizi yofanana ndi eni dziko, kungowonjezera kandalama ka ophunzira akunja. Iye ankandiopseza kuti "yunivesite yaboma simungaikwanitse achimwene, ndi ya madola," bodza lenileni.

Tsono funso loti mudzifunse musanawononge ndalama, masitaziyo mukuifunira chani? Communication si unamwino kuti ukamaliza ntchito ikudikira pakhomo. Nyumba zofalitsa nkhani zikuchepetsa anthu, ndipo mkonzi safunsa kuti uli ndi mapepala angati, amati tione zimene walemba. Ngati cholinga ndi kuphunzitsa pa yunivesite, kafukufuku, kapena ntchito za mauthenga m'mabungwe, pitani. Ngati mukungofuna viza yoti mukhalire kuno, mudzalira pa chaputala chachiwiri. Viza ya sukulu imalola ntchito maola 20 okha pa sabata, lendi ya ku Joni simuilipira ndi zimenezo, ndipo musadalire kuti akumudzi azikutumizirani, kwacha inagwa ndi 44% mu Novembala 2023 ndipo forex m'mabanki mukuidziwa nokha.

Mutu wa kafukufuku nawonso, chonde, osati "mphamvu ya social media pa achinyamata." Aphunzitsi atopa nazo zimenezo. Inu muli ndi zinthu zimene mnzanu wa ku Pretoria alibe, mawayilesi a m'madera kwathu, mmene uthenga unkayendera nthawi ya namondwe Freddy mu 2023, magulu a WhatsApp amene timasonkherana maliro kuno. Lemberani mphunzitsi amene wafufuzapo zoyandikira, imelo yaifupi yaulemu, musanalembe n'komwe fomu. Wopanda wokuyang'anira kafukufuku suyenda.

Amene maso ali ku UK, sikolashipu ya boma la kumeneko yotchedwa Chevening imafuna zaka ziwiri za ntchito ndipo ukamaliza umabwerera kwanu zaka ziwiri, fomu yake ndi yaulere, wokulipiritsani ndi wakuba.

Ndipo satifiketi yanu yeniyeni musapatse munthu, ngakhale alumbire pa manda a amake, mupatseni fotokope yodindidwa. Yanga mkulu uja anapita nayo, ndinachita kuvutitsa mchemwali wanga ku Blantyre kuyendera ina maulendo osawerengeka, ndipo pamene imafika mafomu a chaka chimenecho anali atatseka kale.