Momwe mungatolere nyongolotsi za m'makoswe kuti zikayezedwe DNA

Khoswe amene amaboola thumba la chimanga kunyumba kwanu uja m'mimba mwake mumakhala nyongolotsi, ndipo zina mwa izo zimalowanso mwa munthu. Yodziwika kwambiri ndi Hymenolepis diminuta, yaphanthiphanthi, imatalika masentimita 20 mpaka 60. Mazira ake amatuluka ndi ndowe za khoswe, tizilombo ta mu ufa tija timadya mazirawo, ndiye munthu akameza kachilomboko mu chakudya chosapsa bwino basi watenga. Palinso inzake yaing'ono, Hymenolepis nana, imene imakonda kupezeka mwa ana, iyoyo sifuna n'komwe kachilombo kapakati, mazira okha akalowa m'kamwa zatheka.

Chomwe ofufuza amafuna kudziwa n'chakuti nyongolotsi za mwa ana ndi za m'makoswe ndi mtundu umodzi kapena ayi, komanso ngati za ku Chipoka ndi za ku Senga Bay zimasakanikirana kapena dera lililonse lili ndi zake. Pamaso zimafanana zonse, yankho lili mu DNA, kachinthu ka m'thupi la chamoyo chilichonse komwe kamasunga majini, zizindikiro zosonyeza mtundu ndi chibale chake. Ine mbali yomwe ndagwirapo ndi ya kumudzi kuno ku Salima, kugwira makoswe, kuwang'amba ndi kusunga nyongolotsizo, ndipo labu olo ikhale ya makina odula bwanji singakonze sampulo yomwe yaonongeka isanakwere n'komwe galimoto ya ku Lilongwe.

Poyamba mapepala. Kafukufuku wotere amafuna chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, za dziko lonse zili pansi pa National Commission for Science and Technology, ndipo ngati sampulo zidzatuluka kunja pamafunika kalata yakenso. Mukatero mupite ku ofesi ya zaumoyo pa boma, kenako kwa amfumu. Musadumphe amfumu chonde. Mlendo wolowa m'nyumba za anthu madzulo atavala magolovesi n'kumatenga makoswe, kuno anthu amaganiza zina msanga. Muyende ndi mlangizi wa zaumoyo wa dera lomwelo, anthu akamuona iyeyo mitima imakhala pansi.

Chachiwiri ndi kusankha malo, ndipo apa ndi pomwe ntchito yonse ya majini yagona. Nyongolotsi khumi zochokera m'khoswe mmodzi nthawi zambiri zimakhala za pachibale, zinalowa limodzi, ndiye kuziyeza zonse kuli ngati kufunsa ana a bere limodzi mfunda wawo n'kumati wadziwa mudzi wonse. Bola makoswe ambiri a malo osiyanasiyana, nyongolotsi imodzi kapena ziwiri pa khoswe aliyense. Sankhani malo otalikirana komanso osiyana khalidwe: ku Chipoka chifukwa kuli doko ndi njanji, katundu akamatsika ndi kukwera makoswe amakwera nawo, ku Senga Bay komwe amayanika usipa, pa msika wa pa boma ndi zigayo, ndiye ku minda ya mpunga ku Lifuwu. Kumundako mugwira kwambiri mbewa, makamaka kapuku, amene m'mabuku ndi Mastomys natalensis, pomwe m'nyumba ndi khoswe wakuda uja, Rattus rattus. Kapuku amalowanso m'nkhokwe nthawi yokolola ikatha, n'chifukwa chake ndi wofunika, ndiye amalumikiza kumunda ndi kunyumba.

Misampha ikhale yogwira wamoyo. Ya Sherman ya aluminiyamu yopindika ija ndi yabwino kwa mbewa koma ndi yodula ndipo imachokera kunja, mukabwereka muwerenge bwino pobweza chifukwa ana amaikonda. Kwa makoswe akuluakulu ya waya yomwe amisili a pa msika amaluka imagwira bwinobwino pa mtengo wochepa kwambiri, kungoti muyese chitseko chake pamaso pa wogulitsayo, ena amaika sipuling'i yofooka khoswe n'kumadya nyambo n'kutuluka. Diwa ayi, limaphwanya matumbo. Tameki kapena mankhwala ena a makoswe ayinso, khoswe amakafera kudenga mudzamupeza ataola, komanso m'nyumba muli ana ndi nkhuku. Nyambo ine ndimasakaniza chiponde ndi madeya, kwa makoswe a kunyanja kausipa kamodzi kamakwana. Tcherani dzuwa likamalowa, m'mbali mwa khoma momwe muli ndowe, mukaone m'mamawa dzuwa lisanatenthe. Kutentha kwa Salima mu Okutobala khoswe amafera mu msampha, ndipo akangofa nyongolotsi za m'matumbo zimayamba kusungunuka.

Kupha kumachitidwa ndi wa zaziweto kapena munthu wophunzitsidwa, ndi mankhwala ogonetsa, msampha uli m'chidebe chotseka kuti utitiri ufere momwemo. Utitiri wa makoswe ndi womwe umafalitsa mliri wa makoswe, ku Nsanje unabukapo mu 2002, ndiye magolovesi awiriawiri, masiki ndi apuloni si zokambirana.

Pong'amba yambani ndi malo oyera, matumbo pomaliza. Tsegulani chifuwa muone mtima ndi mitsempha yopita ku mapapo. Mmenemo ndi momwe mumakhala Angiostrongylus cantonensis, nyongolotsi yomwe inapezeka koyamba m'makoswe ku Guangzhou ku China mu 1935, imadutsira mu nkhono ndipo mwa munthu imayambitsa matenda oumitsa khosi. Yaikazi imaoneka ndi mizere yofiira ndi yoyera yopiringizana. Inafalikira ndi makoswe a m'sitima zapamadzi, ku Durban inapezeka, ndipo ataziyeza za ku Hawaii, ku Sydney ndi ku Tenerife DNA yake inali pafupifupi imodzimodzi ngakhale malowa ndi otalikirana chonchi. Ndiye pamene pali doko mapapo muziwaona basi, zimangotenga mphindi zochepa. Kenako chiwindi, mukaona kachotupa koyera kapena mizere yachikasu dulani musunge payokha. Pomaliza matumbo, aikeni mu mbale ya madzi amchere, magalamu 9 a mchere mu lita imodzi ya madzi oyera, muwang'ambe mulitali pang'onopang'ono. Musakoke nyongolotsi, mutu wake ndi waung'ono kwambiri umaduka n'kutsalira, chonsecho mutuwo ndi womwe umasiyanitsa nana, yomwe ili ndi tingowe, ndi diminuta yomwe ilibe. Dulaninso kansonga ka khutu kapena ka mchira wa khosweyo, nayenso adzamuyeza mtundu.

Tsopano kusunga, apa ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi pomwe ntchito yathu inaonongekera ulendo wina. Kachidutswa kopita ku DNA kamalowa mu ethanol, sipiliti woyera wa m'labu, wa 95 peresenti kapena kuposa. Osati formalin, mankhwala osungira mitembo aja, formalin ndi wabwino posunga maonekedwe koma DNA amaimanga n'kuiduladula. Osatinso sipiliti wapepo wa mu golosale uja. Ife ethanol anatithera ntchito ili pakati, ndiye tinagula kwa munthu wina wogulitsa zipangizo za m'labu yemwe ankayenda ndi zigubu m'galimoto, mtengo pafupifupi theka la wa ku shopu, chigubu chili ndi lebulo yabwinobwino yolembedwa absolute, kutanthauza wosasakaniza ndi madzi. Fungo linali lomwelo, maonekedwe omwewo. Patapita masabata angapo nyongolotsi m'timabotolo zinayamba kufewa, madzi ake kuchita mbuu, ndipo ku labu atayesa sampulo zambiri za ulendo umenewo sizinatulutse kanthu. Munali madzi ambiri m'chigubumo. Zinandiwawa kwambiri, osati chifukwa cha ndalama zokha, koma anthu anatitsegulira nyumba zawo, azimayi ena ankadzuka m'bandakucha kutisungira misampha, makoswe anafa, ndiye zonsezo n'kupita pachabe.

Njira yodziwira ilipo ndipo sifuna makina. Ethanol ndi wopepuka kuposa madzi. Tengani sikelo yaing'ono ya magalamu, muyeze mamililita 100 ndendende ndi silinda yoyezera. Madzi amalemera magalamu 100, ethanol weniweni amakhala cha pa 79, wa 95 peresenti cha pa 81, ndiye mukaona 88 kapena kuposa dziwani kuti ameneyo ndi wa 70 kapena wothiridwa madzi. Yezani chigubu chilichonse wogulitsa ali pomwepo, akayamba kukwiya kapena kuti ndikuthamangira kwina musiyeni apite. Kuyatsa ndi machesi si umboni, wa 70 nayenso amayaka.

Olo ethanol akhale wabwino, nyongolotsi payokha ili ndi madzi m'thupi, ndiye kachidutswa kakhale kakang'ono, ethanol achuluke kakhumi kuposa nyamayo, ndipo mawa lake mukhuthule muthire watsopano. Ambiri amadumpha pamenepa poti ethanol ndi wodula, musatero. Itsukeni kaye mu madzi amchere kuti za m'matumbo a khoswe zichoke. Nyongolotsi imodzi kabotolo kamodzi, mukaphatikiza ziwiri zotsatira zake sizidzawerengeka. Timabotolo tikhale totseka mopotokola tokhala ndi kalabala mkati, tongodina tija kuno ethanol amauluka mudzapeza mouma gwa. Lumo ndi chopanira muzitsuke mu Jik wosungunula mukamaliza khoswe aliyense, kenako madzi oyera, chifukwa ethanol sachotsa DNA ya khoswe wapitayo, amaisunga kumene.

Lebulo lembani ndi pensulo pa kapepala muponye mkati mwa kabotolo, inki ya maka ethanol akaikhudza imafufutika. Nambala ya khoswe, malo, tsiku, chiwalo chomwe mwaipeza, zomwezo mulembenso mu kope ndipo madzulo mujambule tsambalo pa foni. GPS ya pa foni imakwana. Sungani mu filiji, magetsi akathima musadandaule kwambiri bola ethanol ali weniweni ndipo bokosi lili pa mthunzi.

Za ku labu ndi zachidule. Amatulutsa DNA, amachulukitsa jini yotchedwa cox1, yomwe amasiyanitsira mitundu, ndi njira yokopera DNA yotchedwa PCR, amaona pa gel, kaphala kouma koonetsa DNA, ngati yatuluka, n'kutumiza kukawerengedwa, nthawi zambiri ku South Africa kapena ku Europe, ndipo apa ndi pomwe bajeti imathera chifukwa amalipiritsa pa sampulo iliyonse mu ndalama zakunja. Zikabwera mumafananitsa ndi zomwe zili kale mu GenBank, nkhokwe ya pa intaneti yosunga zotsatira za DNA, n'kuona kuti mitundu ilipo ingati komanso ili kuti. Mtundu umodzi ukapezeka ku Chipoka, ku Senga Bay ndi pa boma ndiye kuti makoswe akuyenda ndi katundu, ukasiyana dera ndi dera ndiye kuti nyongolotsi zikuzungulira pomwepo. Kufananitsa ndi za mwa ana kumafuna chilolezo china ndi chimbudzi chotengedwa kudzera ku chipatala.

Mitembo ya makoswe muotche kapena mukwirire dzenje lakuya n'kuthira laimu kuti agalu asafukule. Mbewa zomwe mwang'amba anyamata adzakupemphani kuti akawambe, akanizeni mwaulemu ndipo muwauze chifukwa chake, zafa ndi mankhwala.