Kulowa mpikisano wa zipangizo zosawononga chilengedwe

Mwafunsa poyambira pofuna kulowa mpikisano wopanga zipangizo zosawononga chilengedwe. Werengani kaye malamulo a mpikisanowo, chifukwa mipikisano ina, monga James Dyson Award, imalola ophunzira ndi omwe angomaliza kumene maphunziro.

Kenako sankhani vuto limodzi lokha. Mwachitsanzo, mu 2022 padziko lonse panatayidwa matani 62 miliyoni a zinyalala zamagetsi, zina mwa izo mafoni abwinobwino omwe batire yokha ndiyo inafa. Choncho, mukasankha vuto limeneli, chipangizo chanu chimangidwe ndi masikuluwu, osati guluu, kuti mwini wake azisintha batire yekha, ngati mafoni a kampani ya Fairphone. Pochajira pakhale USB-C, mtundu wa pochajira umene uli pa mafoni ambiri atsopano.

Pangani chitsanzo, ngakhale cha katoni, mupatse wina achigwire inu mukuonerera. Akasowa potsegulira, konzaninso. Jambulani zonse, zokanika zomwe, poti oweruza amafuna kuona mmene munafikira pamenepo.