Mmene tingawerengere zovala pa zithunzi zakale za apolisi

Ambiri mwa ife amene makolo athu anachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito mu Salisbury, mzinda umene unayamba kutchedwa Harare mu 1982, timasunga zithunzi za kusitudiyo zoonetsa agogo atavala suti ndi tayi. Zithunzi zimenezo nzokongola, koma zimaonetsa tsiku limene munthu anakonzekera, ndipo nthawi zina jeketeyo inali yobwereka. Chithunzi chojambulidwa ndi apolisi a dziko la Rhodesia (lero Zimbabwe), otchedwa British South Africa Police, amene anagwira ntchito mpaka 1980, chimagwira munthu monga analili pa tsiku wamba, nchifukwa chake chimafunika kuchiwerenga mofatsa.

Yambani ndi kuzindikira mtundu wa chithunzicho. Ngati munthu wajambulidwa kumaso ndi cham'mbali, motsatira njira imene wapolisi wa ku France, Alphonse Bertillon, anaikhazikitsa ku Paris m'zaka za m'ma 1880, mudzangoona chifuwa ndi mapewa, choncho umboni wanu wonse uli pa kolala ndi mabatani. Ngati ndi chithunzi cha mumsewu, musathamangire amene ali pakati, koma yang'anani anthu a m'mphepete, amene sanadziwe n'komwe kuti akujambulidwa. Kenako tembenuzani pepalalo, pakuti chidindo kapena chaka cholembedwa kuseri chimaposa kungoganizira kulikonse.

Mukatero, jambulani chithunzicho ndi foni pa kuwala kwa pawindo, muchikulitse, ndipo muyende nacho pang'onopang'ono kuchokera kumutu. Kolala yothetheka m'mphepete koma yosita bwino imakuuzani za munthu wa malaya ochepa amene ankawasamala ndi mtima wonse. Batani limodzi losiyana ndi anzake, chigamba cha pachigongono chosokedwa ndi ulusi wa mtundu wina, manja a jekete ofika ku zala chifukwa inasokedwera munthu wina, zonsezi zimandikhudza ine kuposa suti ya kusitudiyo, chifukwa zimaonetsa amuna a m'mahositela a ku Harari, kumene lero ndi ku Mbare, akudzisokera okha kutali ndi akazi awo. Chipewa nachonso muchione kumene chili. Chikakhala m'manja osati kumutu, kumbukirani kuti munthu wakuda ankayembekezeredwa kuchivula pamaso pa mzungu waudindo.

Samalani kuti musasokoneze yunifomu ndi zovala zodzisankhira. Kabudula ndi malaya a khaki, kapena zoyera za wophika m'nyumba ya azungu, zimanena za ntchito imene munthuyo ankagwira, osati zimene ankakonda kuvala Lamulungu. Kwa amayi, onani kamangidwe ka duku, kutalika kwa diresi, ndiponso ngati avala chitenje pamwamba pake, koma musagamule mtundu wa munthu pongoona nsalu, popeza m'tauni anthu ankatengerana mavalidwe.

Pofuna kutsimikiza nyengo, yerekezerani ndi zithunzi za chaka chodziwika zosungidwa ku National Archives of Zimbabwe, pa Borrowdale Road, ndipo mupitenso nacho kwa achikulire a kumpingo kapena a kubungwe la maliro, muwafunse kuti, "Agogo, chovala ichi munkachitchula chiyani, nanga chinkagulidwa kuti?" Mukafuna kuchionetsa pa intaneti, bisani dzina ndi nambala, chifukwa ambiri anagwidwa kaamba kosowa chitupa basi, ndipo adzukulu awo tikukhala nawo mumzinda uno.