Momwe mungayendere wapansi kuchokera ku Saint-Maurice kukafika ku Aosta kudzera pa Grand-Saint-Bernard

Njira ya Via Francigena, njira yakale ya apaulendo achipembedzo, imayambira ku Canterbury ku England n'kukathera ku Roma, ndipo imatsata malo amene Sigeric, arkiepiskopi wa ku Canterbury, ankagona pobwerera kwawo m'chaka cha 990. Ndi anthu ochepa amene angapeze miyezi itatu yoti ayende njira yonseyo. Ine ndinasankha chigawo chodutsa m'mapiri a Alps, kuchokera ku Saint-Maurice ku Switzerland mpaka ku Aosta ku Italy, mtunda wa makilomita pafupifupi 90 umene munthu wathanzi amautsiriza m'masiku asanu ndi limodzi.

Yambani ndi kusankha mwezi. Pitani pakati pa Julayi ndi kumayambiriro kwa Sepitembala. Mpata wa Grand-Saint-Bernard uli pa mamita 2,469, ndipo munthu amene anakwerako Sapitwa, amene ali pa mamita 3,002, akhoza kuupeputsa monga ndinachitira ine. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneku chipale chofewa chimakhalabe m'zigwa ngakhale m'mwezi wa Juni, ndipo msewu wa galimoto wopita pamwambapo umakhala wotseka kuyambira cha mu Okutobala mpaka kumapeto kwa Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni.

Kenaka konzani mapepala. Amene ali ndi pasipoti ya Malawi ayenera kukhala ndi viza ya Schengen, imene imagwira ntchito ku Switzerland ndi ku Italy komwe. Mtengo wake ndi ma euro 90, ndipo amafuna inshuwalansi ya zaumoyo yosachepera ma euro 30,000. Pano ndikuchenjezeni za anthu a pa WhatsApp amene amalonjeza kukukonzerani makalata a malo ogona ndi inshuwalansi pa mtengo wozizira: makalata otero kawirikawiri amakhala abodza, ndipo akatulukira, amene amakanizidwa viza ndinu, iwo atadya kale ndalama. Lembani nokha kumalo ogona. Itanitsaninso kabuku ka aulendo kotchedwa credenziale kuchokera ku bungwe loyang'anira njirayi, chifukwa ndi kamene mumasonyeza pofuna kugona m'nyumba za mpingo, ndipo malo aliwonse amakudindirani chidindo.

Kuchokera pa bwalo la ndege la Geneva, sitima imakufikitsani ku Saint-Maurice. Tikiti yogula pa intaneti kudakali masiku imatsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi yogula tsiku lomwelo. Musafulumire kuchoka m'tauniyi. Nyumba ya ansembe ya pano inakhazikitsidwa ndi Sigismund wa ku Burgundy m'chaka cha 515, ndipo mapemphero sanalekezepo kuyambira nthawi imeneyo. Mauritsio woyera, amene dzina la tauniyi linachokera, anali mkulu wa asilikali ochokera ku Thebes ku Egypt, ndipo mbiri ya mpingo imati iye ndi anzake anaphedwera pano chifukwa chokana lamulo la mfumu ya Roma lotsutsana ndi chikhristu chawo. Kunena zoona, zinandigwira mtima kuyamba ulendo wa pakati pa Ulaya pa manda a munthu wa ku Africa kuno. Chitani nawo Misa, landirani chidindo choyamba, mugone.

Tsiku loyamba, lopita ku Martigny, ndi losavuta, chifukwa mumangotsata chigwa cha mtsinje wa Rhône n'kudutsa pa mathithi a Pissevache. Zikwangwani ndi zachikasu, ndipo chimene mukufunafuna ndi nambala 70 yolembedwa pa kachizindikiro kobiriwira. Ku Martigny gulani chakudya chokwanira m'masitolo a Migros kapena Coop, buledi, tchizi, mtedza ndi zipatso, pakuti m'midzi ya kumtunda sitolo ndi zochepa, zodula, ndipo Lamlungu zambiri sizitsegula. Madzi musagule. Mipope ya m'midzi imatulutsa madzi abwino aulere, kupatula pamene alembapo kuti "eau non potable", kutanthauza madzi osayenera kumwa.

Tsiku lachiwiri lili ndi malo ovuta pakati pa Bovernier ndi Sembrancher, pamene kanjira kamapanikizika m'mbali mwa phiri pamwamba pa mtsinje wa Dranse. Kukagwa mvula kwerani sitima ya m'chigwamo mpaka ku Sembrancher, muyambirenso pamenepo kupita ku Orsières. Ena amati kutero n'kubera, koma ine sindiona chaphindu pothyoka mwendo tsiku lachiwiri. Tsiku lachitatu mumakwera pang'onopang'ono kudzera ku Liddes mpaka ku Bourg-Saint-Pierre, mudzi wotsiriza wa pa mamita 1,632, umene uli ndi nsanja ya belu ya zaka pafupifupi 1,000.

Tsiku lachinayi, lokwera kukafika pa mpata wa Grand-Saint-Bernard, ndi limene linandivuta, ndipo cholakwa chinali changa. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 12 okha, choncho ndinadziuza kuti palibe chifukwa cholawirira. Ndinanyamuka itadutsa 10 koloko m'mawa, mkati mwa Juni, nditavala malaya a thonje ndi nsapato zokwerera mapiri zimene ndinagula pa kaunjika. Zinkaoneka zatsopano, wogulitsayo analumbira kuti sizinapondeko pansi, ndipo mwina ankanena zoona, koma nsapato zikakhalitsa osavalidwa, guluu ndi mphira wa pansi pake zimafumbwa m'kati osaonekera kunja. Nditadutsa damu la Les Toules zonse zinali bwino, dzuwa likuwala, ng'ombe zikulira mabelu m'madambo. Mitengo itatha, ndinalowa m'chigwa chotsiriza chimene anthu akumeneko amachitcha Combe des Morts, kutanthauza chigwa cha akufa, ndipo dzinali silinaperekedwe mwanthabwala. Chipale chofewa chinali chitakwirira njira pamodzi ndi zizindikiro zopakidwa pa miyala. Chifukwa chakuti ndinafika masana, dzuwa linali litachifewetsa kale, moti phazi lililonse linkatitimira mpaka m'mawondo, pena n'kumamva madzi akuyenda pansi pake. Apa m'pamene chidendene cha nsapato ya kumanja chinamatuka. Ndinachimanga ndi chingwe cha chikwama, koma madzi ozizira anali atalowa kale, ndipo malaya a thonje onyowa ndi thukuta aja anayamba kundizizira ngati ndavala nsalu yochokera mumtsinje. Kenaka kunagwa nkhungu. Ndinaima nthawi yaitali osadziwa kolowera, mpaka ndinamva phokoso la njinga yamoto, ndipo ndinalitsatira mpaka ndinatulukira pa msewu wa tala, umene ndinayendamo mpaka pamwamba, mano akugundana.

Choncho chitani izi. Madzulo a tsiku lachitatu imbirani foni ku nyumba ya alendo ya pamwambapo, musungitse malo ndi kufunsa mmene njira ilili, chifukwa iwo amaiona tsiku lililonse. Nyamukani isanakwane 7 koloko, kuti ngati chipale chilipo muchipeze chikadali cholimba, komanso kuti mufike mitambo ya masana isanasonkhane. Valani zovala zosasunga thukuta, ziwiri kapena zitatu zopyapyala m'malo mwa chimodzi chokhuthala, ndipo jekete yosalowa madzi, chipewa ndi magolovesi zikhale pamwamba m'chikwama. Nsapato muziyese kwanu kwa milungu ingapo musanakwere ndege, makamaka pa phiri ngati la Zomba kapena Mulanje mutasenza chikwama chomwecho, kuti ngati zili zomatuka zimatukire komweko. Ndodo ziwiri zimathandiza. Ikani mapu mufoni oti azigwira popanda netiweki, ndipo sungani manambala awa: 112 ya ngozi iliyonse, ndi 144 ya ambulansi ndi helikopita yopulumutsa anthu m'dera limeneli la Switzerland. Onetsetsani kuti inshuwalansi yanu ikutchula kupulumutsidwa m'mapiri, pakuti yotchipa yongopezera viza nthawi zambiri sitchula zimenezo. Njira ikasowa, bwererani pamene munaona chizindikiro chotsiriza, kapena tsatani msewu wa tala.

Nyumba ya alendo ya pamwambapo inakhazikitsidwa ndi Bernardo woyera cha m'ma 1050 pofuna kuteteza apaulendo ku chisanu ndi achifwamba, ndipo ansembe otsata lamulo la Augustino woyera akuisamalabe chaka chonse. Mawu awo a Chilatini amati pano Khristu amapembedzedwa ndi kudyetsedwa, ndipo ine ndinawamvetsa pamene anandipatsa tiyi wotentha asanandifunse n'komwe dzina. Mumavula nsapato pakhomo, mumagona m'chipinda cha anthu ambiri, mumadya patebulo limodzi ndi alendo ena, ndipo amene akufuna amalowa nawo m'mapemphero a madzulo m'kachipinda ka pansi. Napoleon anadutsa pano ndi asilikali pafupifupi 40,000 mu Meyi 1800. Agalu otchuka aja a Saint Bernard, amene kale ankafufuza anthu otayika, tsopano amasamalidwa ndi Fondation Barry ya ku Martigny kuyambira 2005, ndipo ena amabwera nawo pamwambapa m'miyezi yotentha yokha.

Masiku awiri otsalawo ndi otsetsereka basi. Mukazungulira kanyanja ka pamwambapo mwalowa mu Italy, ndalama zasintha kuchoka ku franc kupita ku euro, ndipo khofi watsika mtengo moonekeratu. Tsikani kudzera ku Saint-Rhémy, mugone ku Étroubles, mawa lake mutsate ngalande yothirira ya Ru Neuf mpaka kufupi ndi Gignod. Mawondo adzadandaula. Ku Aosta, kwawo kwa Anselmo woyera amene anadzakhalanso arkiepiskopi wa ku Canterbury, kadinditseni ku kathedrale, muone tchalitchi cha Sant'Orso ngati miyendo ikulola. Chikalata cha Testimonium, chotsimikizira kuti mwatsiriza ulendo, sachipereka pano. Chimenecho n'cha amene ayenda makilomita 100 otsiriza olowera ku Roma. Mabasi opita ku Torino ndi ku Milano amanyamukira pafupi ndi siteshoni ya sitima.